Abambo, kodi mumatani panja ndi ana ang'onoang'ono?

Bambo a Mphatso:
Moni nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa abambo anzanga amene muli ndi ana a zaka 2 mpaka 6, koma amayi nanunso lowererani chifukwa mumaona zimene ife sitiona. Mukaweruka kuntchito kapena pa wikendi mumatani nawo panja? Sindikunena maulendo ofuna ndalama ndi galimoto ayi, ndikunena za tsiku ndi tsiku, kuseri kwa nyumba, mumsewu, pansi pa mtengo. Ine ndimatuluka nawo dzuwa likapendeka, wamkulu ali ndi zaka 5 wamng'ono 3, aliyense ndi kathumba kake kotoleramo zinthu, ndipo sitikhala ndi kopita kwenikweni chifukwa kwa iwo mwala uliwonse ndi nkhani, tikapeza mzere wa nyerere ndiye kuti tafika basi. Yesani izi muone. Pezani mzere wa tinyerere ting'onoting'ono tija, osati linthumbu, mwana adutsitse chala pansi modula mzerewo pamene pali mpata. Zikafika pamenepo zimaima, kuzungulirazungulira, tinyanga tili gwedegwede, zina kubwerera, chifukwa zimatsata fungo limene zinzake zasiya pansi ndiye chala chija chafufuta fungolo. Pakapita kanthawi imodzi imawoloka, ina n'kutsatira, mzere n'kulumikizananso. Wamng'ono wangayo amagona chafufumimba kuonerera zimenezi mpaka chibwano chimayera mbuu ndi fumbi. Inu mumatani?

Bambo a Yamikani:
Achimwene mwayamba bwino koma tinene zoona, enafe timafika pakhomo kukuda kale thupi lonse lili lende, mwana akuti adadi tiyeni panja iwe ukungofuna mpando. Ine ndimamupatsa foni aonere makatuni kuti ndipumeko ndipo amasangalala ndithu. Nanga zotola miyala ndi kuyang'ana nyererezi mwana amapindulapo chiyani? Ndikufunsa ndi mtima wonse, sikuti ndikutsutsa.

Bambo a Mphatso:
Kutopa ndikukumvetsani achimwene. Koma zambiri mwa izi sizifuna mphamvu zanu, mpando womwewo muutulutse panja mukhale pomwepo, othamanga ndi iwowo. Tsiku limene simupita kuntchito zikani kamtengo kowongoka pamalo poti dzuwa limafika tsiku lonse, mwana aike mwala pamene pathera chithunzithunzi chake, pakapita ola aikenso wina, choncho mpaka madzulo. Mmawa chimakhala chachitali choloza kumadzulo, masana chimafupika, madzulo chimatalikanso kuloza kummawa. Inu ntchito yanu ndi kungomukumbutsa kuti nthawi ya mwala yakwana.

Mayi Nachisale:
Ndiyankheko a Bambo a Yamikani monga mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Mwana amene wakhala akutola timiyala, kung'amba mapepala, kutsina dongo, kumanga mfundo, akafika m'kalasi timamuzindikira tsiku loyamba lomwe chifukwa pensulo amaigwira ndi zala osati ndi chibakera, zala zinalimba kale. Akamasankha miyala yoyera kuno yakuda uko, yaikulu patsogolo yaing'ono pambuyo, amenewo ndi masamu, kungoti sanayambe kulemba manambala. Ndiye palinso mawu, mwana amene bambo ake amamuuza kuti ichi ndi chisa, uyu ndi bongololo, awa ndi makungwa, amabwera ndi mawu ambiri m'kamwa kuposa amene amangomva za pa foni poti foni siimuyankha akafunsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo mu 2019 onena kuti mwana wa chaka 1 mpaka zaka 4 azikhala akuyendayenda ndi kusewera mphindi zosachepera 180 pa tsiku, wosafika zaka 2 asamakhazikidwe pa sikirini, wa zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi. Mphindi 180 ndi maola atatu bambo, sikuti zonse zikhale za inu, koma kagawo kanu kakhalepo.

Mayi a Tadala:
Ine ndili ndi dandaulo ndipo ndikudziwa kuti amayi ambiri pano andivomereza. Abambo mukati tikupanga chinthu ndi mwana nthawi zambiri wopanga mumakhala inu, mwana amangoima pambali manja kumbuyo. Kwathu kuno anapanga kaiti yokongola kwabasi, yoyezedwa ndi lula, koma mwana akati agwire akuti iwe usakhudze uwononga, akati ajambulepo akuti udetsa, pouluka napo ulusi uli m'manja mwa bambo, mwana anangobwerera m'nyumba kudzakhala pafupi ndi ine. Ndinamufunsa kuti kaiti yako ili kuti anati si yanga ndi ya adadi. Mawu amenewo anandipweteka. Chonde abambo, chinthucho chikhale chokhota koma chikhale chake.

Mayi a Chikondi:
Achemwali mwalasa. Kwathu ndi galimoto ya katoni, mpaka pano ili pamwamba pa kabati kuti ana asaiphwanye.

Kondwani:
Amayi mwanena zoona ndipo palibe chotsutsa, koma ndiikeko mawu pa kaitiyo chifukwa pali zina mwana wa zaka 4 sangathe, monga mfundo yolimba, ndiye nzeru ndi kugawana ntchito musanayambe. Timitengo asankhe yekha, inu mungomuuza kuti tikufuna topepuka towongoka, kena kotalika masentimita 60 kena 50. Mumatipingasa ngati mtanda, kopingasako kakhale cha kumtunda, masentimita 15 kuchokera pamwamba. Pomanga iye aike chala pa mfundo inu mukoke. Pepala kapena pulasitiki yopyapyala ajambulepo zake zonse musanaimate, kaya ndi mizere yokhotakhota musiyeni. Mchira ang'ambe yekha ku kansalu kakale, ntchito imeneyi amaikonda kwambiri. Kenako mumange kaulusi kuchokera pamwamba pa kamtengo kotalika kufika pansi pake, kakhale kolendewera, ulusi woulutsira muumange pa kaulusi kameneko pamwamba pang'ono pa mtanda. Poulutsa wogwira ulusi afulatire mphepo, winayo aime patsogolo atanyamula kaiti, ndipo wogwira ulusiyo akhale mwana, inu ndinu wonyamula. Ikamazungulira n'kugwa chamutu onjezani mchira. Ikamakanika kukwera mphepo ilipo ndiye kuti mchira walemera kapena mfundo ija yatsika kwambiri, ikwezeni pang'ono. Ndipo ikagwa musathamangire kukonza, mufunseni kaye kuti ukuganiza chavuta n'chiyani, mudzadabwa zimene anganene. Kutali ndi mawaya a magetsi chonde, kukamachita mabingu ayi, ndipo ulusi ukhale ulusi osati kawaya.

Bambo a Mphatso:
Wa zaka 3 safuna n'komwe mtanda, jumbo yopepuka kumanga ulusi waufupi pa zogwirira zake, azithamanga nayo ikufufuma kumbuyo, kwa iye yauluka. Koma mukamaliza jumboyo muitenge inu, isatsale ndi iye.

Mayi Nabanda:
Ine ndine namwino ndiye mundikhululukire ndibweretsa zoopsa pa nkhani yosangalatsa, koma ndi bwino muzimve kwa ine pano kusiyana n'kudzazimva kuchipatala. Choyamba madzi. Mwana wamng'ono amamira m'madzi ochepa kwambiri, ndowa, beseni, dzenje la mvula, ndipo sakuwa, simumva kanthu, ndiye mukakhala pafupi ndi madzi foni ikhale m'thumba maso pa mwana, mtunda wake woti mukatambasula dzanja mwamugwira. Chachiwiri, abambo mumakonda kumasula zidole ndi timatochi kuti mupange zina, timabatire tozungulira tophwatalala tija mwana akameza kamatha kuwotcha kummero pasanathe maola awiri, mukangokayika kuti wameza thamangani naye kuchipatala osadikira kuti muone kaye. Timaginito ting'onoting'ono chimodzimodzi. Wosafika zaka 3 chilichonse chimapita kukamwa, ena amalowetsa njere m'mphuno ndi m'makutu, ndiye mikanda, timiyala tating'ono, mabaluni ophulika, zimenezo ayi. Ulusi wautali asauzengereze m'khosi. Dzanja asalowetse kudzenje kapena kuphanga la mtengo. Mwala waukulu mutembenuze ndinu, ndi ndodo, mbali yotseguka iloze kutali ndi inu kuti chokhala pansipo chithawire uko. Pobwera kusamba m'manja ndi sopo. Sindikuti musatuluke nawo, tulukani ndithu, ana anga omwe anakulira panja.

Agogo a Dalitso:
Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. A namwino anena bwino. Koma ine ndifunse za mpeni. Ana anga ndinawaphunzitsa kusenda kamtengo ali ndi zaka 6, mdzukulu wanga pano ndikumuphunzitsanso. Amakhala pansi, zigongono pa mawondo, mpeni ukusenda kuchoka kwa iye, pasakhale wina pafupi, akafuna kuimirira mpeni ayambe wauika pansi. Ndimakhala naye pomwepo sindichoka. Mwana amene sanaphunzitsidwe adzautenga ndithu tsiku lina inu kulibe, ndipo adzaugwira molakwika poti palibe anamuonetsa. Lero makolo ambiri mukuopa ngakhale sizasi.

Mayi a Chikondi:
Agogo ndi ulemu wonse koma ine mpeni ayi. Wanga ali ndi zaka 6 yemweyo koma sakhazikika, akamva galu akuuwa amatembenuka thupi lonse ndi chimene chili m'manja. Bambo ake ndinawauza kuti adikire.

Agogo a Dalitso:
Mwana wanu mukumudziwa ndinu mayi, ngati sakhazikika dikirani, zaka si zimene zimagwira mpeni. Koma musadikire mpaka kalekale.

Mayi Nachisale:
Pali makwerero apa. Wa zaka 3 ayambe ndi sizasi yosasongoka kudula timapepala topyapyala ndi masamba, kenako adule dongo lofewa ndi mpeni wobuntha, kenako azipala makungwa a kamtengo kakawisi ndi mwala wathyathyathya. Pofika pa mpeni wa agogowo manja amakhala atadziwa kale kumvera. Maria Montessori potsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907 anaikamo mipando ndi zipangizo za msinkhu wa ana kuti azigwira okha zinthu zenizeni, ndipo Friedrich Fröbel amene anayambitsa sukulu za ana ang'onoang'ono ku Germany cha m'ma 1840 ankafuna kuti mwana aliyense akhale ndi kadimba kake kolima yekha. Ndiye nkhani yoti mwana agwire yekha si ya lero. Mpeni wakuthwa wokha ine kusukulu sindingapereke chifukwa ana ndi ambiri maso anga ndi awiri, koma bambo ndi mwana mmodzi ndi nkhani ina.

Bambo a Upile:
Poti mwatchula zolima, chimene chinagwira mtima ana anga ndi njere m'botolo. Mumadula botolo la pulasitiki loonekera mkati, m'mbali mwake muzungulize pepala lofewa kapena thonje lonyowa, njere ya nyemba yoti yagona m'madzi usiku muilowetse pakati pa pepala ndi khoma la botolo kuti izioneka. Madzi asachuluke, pepala lingokhala lonyowa. Pakatha masiku ochepa khungu limang'ambika ndipo choyamba kutuluka si tsamba ayi, ndi muzu, kakang'ono koyera kokhota, ndipo kamaloza pansi ngakhale njereyo mwaiika chozondoka. Mwana wanga wamkazi sanakhulupirire, anati taugoneka botolo tione, tinaligoneka chammbali, m'mawa mwake nsonga ya muzu inali itayamba kale kupindikira pansi. Kenako anaika botolo lina mu kabati mumdima, mmera wake unatalika msanga kuposa wa pawindo koma wachikasu wofooka wongogwa. Anandifunsa kuti ukufunafuna dzuwa eti, ndinati eya. Sindinamuphunzitse kanthu ine, anaona yekha, ine ndinangodula botolo.

Kondwani:
Imeneyo ndiyesa wikendi ino. Alembe kamzere pa botolo tsiku lililonse pamene muzu wafika.

Bambo a Upile:
Eya ndipo kamzereko alembe yekha ngakhale kaphonye. Chinanso ndi ambululu nthawi ya mvula. Timatenga ochepa, atatu kapena anayi, m'chidebe chachikulu ndi madzi a pomwe tawatengapo kapena a mvula, a pampopi ayi chifukwa mankhwala ake amawapha. Muikemo ndere ndi timasamba ta m'madzi momwemo, chidebe chikhale pamthunzi. Miyendo yakumbuyo ndi imene imayamba kutuluka, yakutsogolo pambuyo, mchira n'kumafupika mpaka kutha. Miyendo ikangotuluka muikemo mwala wotulukira pamwamba pa madzi poti amayamba kupuma mpweya, popanda pokwera amamira. Akasanduka tiachule timakawabweza komwe tinawatenga, apa ndiye pamakhala misozi koma ndimalimbikira kuti abwerere kwawo ndipo wonyamula chidebe ndi mwanayo.

Mayi Nabanda:
Bambo a Upile zabwino, kungoti chidebecho chikhale pamwamba poti wamng'ono sangafike, ndipo muziyang'ana mphutsi za udzudzu, mukaziona sinthani madzi. M'madera amene kuli likodzo ana asalowe m'madzi oima, tungani ndinu ndi kapu ya chogwirira.

Bambo a Yamikani:
Ndikuwerenga zonse ndipo zikundilowa. Koma vuto langa lina ndi malo, tili pa lendi, bwalo ndi la simenti laling'ono logawana ndi anzathu, kulibe dimba kulibe mtengo.

Bambo a Tiyamike:
Achimwene ifenso ndi chimodzimodzi, simenti yokhayokha, koma musaidelere. Mupatseni kachitini ka madzi ndi kaburashi kakale kapena kansalu ajambule pa simenti ndi madzi okha, zikauma ajambulenso, ndipo funso limabwera lokha loti madzi apita kuti. Mvula ikagwa pindani maboti a pepala muwaike m'ngalande ya pakhomo madzi akachepa, aone lothamanga ndi liti, aikemo timiyala mpaka limire. Masamba atolereni panjira pochokera kusukulu, tsamba muliike pansi mbali ya mitsempha ili m'mwamba, pepala pamwamba, akhule ndi kirayoni chogoneka, mitsempha yonse imatuluka pa pepala ngati mitsinje ndi timifuleni take. Foni ya makapu nayo siifuna bwalo, makapu awiri a pepala kapena zitini zopanda m'mphepete mwakuthwa, kuboola pansi, ulusi wautali, mfundo mkati. Chinsinsi chake ulusi ukhale wokokeka kwambiri usakhudze kanthu chifukwa mawu amayenda mwa kunjenjemera kwa ulusiwo, ukalendewera simumva. Mumuuze atsine ulusi pakati inu mukulankhula aone kuti mawu aduka. Ine ndikulera ndekha mwana wamkazi wa zaka 5 mayi ake anatisiya, ndiye madzulo athu ndi amenewa, pakhonde, ndipo pamene manja ake ali pa ntchito m'pamene amandiuza za kusukulu, amene wamukankha, amene wamubwereka pensulo. Ndikamufunsa maso ndi maso kuti zayenda bwanji amangoti bwino.

Mayi a Tadala:
Bambo a Tiyamike pepani, ndipo Mulungu akupatseni mphamvu. Zimene mwanena zoti amalankhula manja ali pa ntchito ndi zoona zenizeni, wanganso ali choncho.

Bambo a Tiyamike:
Zikomo mayi. Ndiwonjezere kuti abambo musamasankhe kuti izi ndi za anyamata. Wanga amakhoma misomali pa thabwa lofewa ndi kahamala kakang'ono, ine ndimayamba kuikhoma pang'ono kuti iime yokha zala zake zisakhale pafupi, iye n'kumaliza, kenako amakulunga ulusi wamitundu pa misomaliyo kupanga nyenyezi. Pali anthu amati mwana wamkazi ndi hamala bwanji, ine ndimangowayang'ana. Mtengo amakweranso, lamulo langa ndi loti sindimukweza, akwere pamene wafika yekha chifukwa pamene wakwera yekha amathanso kutsika yekha, ine ndimaima pansi pake.

Agogo a Dalitso:
Lamulo limenelo ndi labwino mwana wanga. Wokwezedwa ndi amene amagwa. Muziyang'ananso nthambi zouma musanamulole.

Mayi Nabanda:
Pa za foni zija ndiwonjezere za maso. Vuto losaona patali likuchuluka pakati pa ana m'mayiko ambiri ndipo chimodzi chimene chapezeka kuti chimateteza ndi kuwala kwa panja. Ku Taiwan kuyambira mu 2010 sukulu zinalimbikitsidwa kutulutsa ana panja mphindi 120 tsiku lililonse ndipo chiwerengero cha ana a pulayimale osaona bwino, chimene chinkangokwera zaka zambiri, chinayamba kutsika. Sizifuna kuti akhale padzuwa lowotcha, pamthunzi panja pamawala kale kuposa m'nyumba. Dzuwa lenilenilo asaliyang'ane mwachindunji ngakhale kamphindi.

Bambo a Mphatso:
Kwa amene mumafika kutada ngati a Bambo a Yamikani, usiku ulinso ndi zake. Mwezi. Mupatseni kope lakale, usiku uliwonse ukaoneka ajambule mmene ulili, kaya chikwakwa kaya theka kaya wathunthu, patatha masiku 29 ndi theka umabwerera pomwe unayambira ndipo iye akatsegula masamba a m'mbuyo amaona yekha kuti zikubwereza. Adzaonanso kuti ukangodutsa pathunthu umachedwa kutuluka mpaka iye amagona usanabwere, ndiye muufune mmawa, amadabwa kwambiri kuona mwezi kutacha. Funso limene simungalithawe ndi loti bwanji mwezi ukutitsatira tikamayenda. Ine ndinamuimika pamsewu ndikuti yang'ana mtengo uwu wapafupi ndi phiri lija lakutali, tiye tiyende, mtengo tinaupitirira phiri lili pomwepo, ndiye ndinati mwezi uli kutali kuposa phiri, makilomita pafupifupi 384,000, n'chifukwa chake sitiupitirira. Nambalayo sanaimve koma za mtengo ndi phiri anamva. Nthanda ija yowala kwambiri mbandakucha mumuuze kuti si nyenyezi ngati zinazo, ndi pulaneti Venus, imangowala ndi kuwala kwa dzuwa.

Mayi a Chikondi:
Funso langa ndi la zinthu zimene amatolazo. Nyumba yadzaza miyala, nthenga, zigoba za nkhono, ndikataya kulira, ndikasiya nyumba sioneka bwino. Mumatani?

Bambo a Upile:
Katoni imodzi mwana aliyense, yogawa timazipinda mkati, ndi yake ndipo palibe wokhudza. Ikadzaza akafuna kuikamo chatsopano asankhe yekha chotuluka akachibweze panja. Zigoba za nkhono muyang'ane kaye ngati mwini wake mulibe, nthenga ndi zigoba zomwe akagwira asambe m'manja. Zamoyo sizigona mu katoni, timaziona n'kuzisiya.

Mayi Nachisale:
Kupatula mbozi ngati mukufuna aone gulugufe akutuluka, koma pamafunika chidwi. Muitenge ndi masamba a chomera chomwecho chimene mwaipezapo chifukwa zambiri sizidya masamba ena, zimafa ndi njala masamba ali pomwepo. Botolo lalikulu, pakamwa pake kansalu kopyapyala kolowa mpweya, kamtengo mkati kokwerapo, masamba atsopano tsiku lililonse. Zaubweya zija asagwire zimayabwa. Ikasiya kudya n'kuuma gwa musataye poganiza kuti yafa, ikusintha, ndipo zina zimatuluka gulugufe zina njenjete za usiku. Akatuluka mapiko amakhala onyowa okwinyika, asamukhudze, adikire aume aziwongole yekha kenako mutsegule panja.

Kondwani:
Funso kwa abambo, mwana akatopa pakati pa ntchito mumatani? Wanga timayamba bwinobwino kupanga nyumba ya timitengo, mphindi khumi basi wathawa akuthamangitsa ziwala, ine ndatsala ndi timitengo m'manja.

Bambo a Tiyamike:
Ikani timitengo pansi mumutsatire ku ziwalako achimwene. Mukamaliza nokha nyumbayo yasanduka yanu, tabwerera pa dandaulo la Mayi a Tadala lija. Isiyeni theka pomwepo, mawa kapena mkuja amaibwerera yekha, akapanda kuibwerera ndiye kuti sinamukoke. Msinkhu umenewu mphindi khumi pa chinthu chimodzi ndi zambiri kale.

Mayi a Tadala:
Ndawawerengera bambo a kwathu zonsezi, poyamba anakhala chete kenako atsitsa kaiti ija apatsa mwana makirayoni kuti ajambulepo. Panopa ili ndi maso ndi mano.

Bambo a Yamikani:
Ndabweranso. Lamlungu tinayesa za kamtengo zija, pa simenti sitikanazika ndiye tinakaimika mu botolo lodzaza mchenga, m'malo mwa miyala ankalemba ndi choko. Anakhala akuthamangira panja tsiku lonse osadikira n'komwe kuti ndimukumbutse, foni sanaifunse mpaka madzulo, anaitananso ana a anzathu a pa lendi pano kuti adzaone ndipo wina anagona pansi kuti amujambule chithunzithunzi chake chonse. Tsopano wandipanikiza ndi funso, akuti bwanji madzulo chimatalika chonsecho kamtengo sikanakule. Ndamuuza kuti dzuwa latsika koma ndikuona kuti sizinamulowe. Ndimufotokozere bwanji mwana wa zaka 4?

Bambo a Mphatso:
Musafotokoze ndi pakamwa achimwene, dikirani kude. Zimitsani magetsi, imikani botolo lomwelo pakati pa chipinda, mupatseni tochi. Aikweze pamwamba penipeni pa kamtengo aone chithunzithunzi chikulowa pansi pa botolo, kenako aitsitse pang'onopang'ono chammbali mpaka pafupi ndi pansi, chiziyenda chikutalika mpaka kukwera khoma. Akatero apite mbali inayo aone chikuthawira kwina. Tochi ikhale ya mabatire akuluakulu yotseka bwino monga anenera a namwino, ndipo agwire iyeyo.

Bambo a Yamikani:
Tochi ndili nayo ya pa foni, imeneyo itheka?

Kondwani:
Itheka bwinobwino, kuwala kwake kumachokera pa kadontho kamodzi ndiye chithunzithunzi chimatuluka chakuthwa. Kungoti tsekani sikirini kaye musanamupatse, ndipo pansi yalani mphasa kapena bulangete poti aigwetsa.